Kukonza kanthu kakang'ono mu CPython, kuyambira pa issue mpaka pa merge

Python imene ambirife timaiika pa kompyuta ndi CPython, ndipo interpreter yake, pulogalamu imene imawerenga ndi kuthamangitsa code ya Python, inalembedwa mu C. Guido van Rossum anaitulutsa koyamba mu 1991. Code yake inakhalapo pa CVS, pa Subversion ndi pa Mercurial, zida zosungira code ndi mbiri yake, kenako mu 2017 inasamukira pa GitHub, pa python/cpython, ndipo mu 2022 ma issue, malipoti a mavuto ndi zopempha, nawo anatsatira kuchoka ku bugs.python.org. Aliyense akhoza kutumizako zokonza zake. Ine ndinatumizako zanga, mizere ya C yosadzaza n'komwe sikirini imodzi, koma zozungulira mizereyo ndi zimene zinandidyera nthawi.

Ndinayambira pa issue, chifukwa pull request, pempho loti zokonza zanu zilowetsedwe, ikakhala yokhudza code imafuna nambala ya issue pamutu pake. Ndinasankha ina imene inali itakhalitsa osagwiridwa. Nkhani yake inali yakuti function ina mu standard library, ma module amene amabwera limodzi ndi Python, imachita mosiyana kutengera mbali imene yathamanga. Ma module ena a Python, monga datetime, json ndi decimal, analembedwa kawiri: kamodzi mu Python yeniyeni, kachiwiri mu C kuti azithamanga msanga. PEP 399, chimodzi mwa zikalata zokhazikitsa malamulo ndi zosintha za Python, imalamula kuti mbali ziwirizi zizipambana ma test ofanana, popeza ma Python ena monga PyPy amadalira kwambiri mbali ya Python ija. Pa function imeneyi, mukaipatsa chinthu chosayenera, mbali ya Python inkakana ndi ValueError monga zikalata zikunenera, pomwe ya C inkalandira mwakachetechete. Ndinalemba pa issue kuti ndayamba kuigwira, kuti wina asavutikire chinthu chomwecho.

Kenako ndinapanga fork, kope langa la code yonse pa GitHub, n'kuikokera pa laputopu. Mbiri ya repo imeneyi ndi yazaka zoposa makumi atatu, choncho ngati mumagula bandulo ngati ine, git clone --filter=blob:none imathandiza: imabweretsa mbiri yonse ya ma commit, zosintha zosungidwa chimodzichimodzi, koma mafayilo akale imawatenga pokhapokha mwawafuna. Kumanga, kutanthauza kusandutsa code kukhala pulogalamu yothamanga, n'kosavuta pa Linux. Mumalemba ./configure --with-pydebug kenako make -j4, ndipo mufoda momwemo mumatuluka pulogalamu ya ./python imene sikhudzana ndi Python ya kompyuta yanu. Chimene muyenera kuwerenga ndi mapeto a uthenga wa make, pamene pamatchulidwa ma module amene sanamangidwe chifukwa chosowa ma header a OpenSSL, zlib, SQLite kapena libffi. Ngati module yanu ili pamndandandawo, ma test ake amangodumphidwa inu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Gawo la --with-pydebug musalisiye. Limachedwetsa Python, inde, koma limayatsa ma assert a mu C ndiponso limawerenga ma reference, kutanthauza malo amene akugwira object iliyonse, zimene ndinazifuna kutsogoloku.

Mafoda ake sasokoneza. Lib muli ma module a Python, Modules muli a C, Objects muli mitundu ngati list, dict ndi str, Python muli compiler ndi interpreter, Doc muli zikalata, ndipo ma test ali mu Lib/test. Malamulo a chinenerocho ali mu Grammar/python.gram kuyambira pamene PEG parser inabwera mu 3.9, koma kumeneko sindinapondeko, ndipo woyamba kumene alibeko chochita: kusintha kalembedwe ka chinenero kumadzera mu PEP ndi Steering Council, gulu la anthu asanu limene linayamba mu 2019 Guido atatula udindo mu 2018.

Ndinalemba test ndisanakhudze C. Ma test a ma module a mbali ziwiri amagwiritsa ntchito import_fresh_module kuti alowetse module kamodzi ili ndi C, kamodzi C itatsekeredwa, ndiye test imodzi imathamanga kawiri. Yanga inapambana ku Python n'kulephera ku C, monga issue inanenera. Apa ndinadziwa kuti ndikuthamangitsa chinthu chenicheni. Ndinawonjezera cheke mu fayilo ya C, ndinamanganso, ./python -m test ya module ija inapambana, ndipo ndinathamangitsanso ma test onse ndikuphika nsima, chifukwa amatenga kanthawi.

Mu fayilo ya C mumapeza ndemanga zoyamba ndi clinic input. Zimenezo ndi za Argument Clinic, chida chimene chimalemba chokha code yolandira ma argument n'kuiika mu Modules/clinic. Mafayilo a mmenemo salembedwa pamanja. Mukasintha ma argument kapena docstring, mawu ofotokoza function, mumathamangitsa make clinic n'kuika zotulukazo mu commit, apo ayi CI, makina a GitHub oyesa okha pull request iliyonse, imakana kuti mafayilo opangidwa ndi makina sakugwirizana ndi gwero lawo. Ine ndinakhudza docstring, choncho zinandikhudza.

Chotsatira ndi NEWS. CPython ilibe fayilo imodzi ya zosintha imene aliyense amalembamo, chifukwa anthu akanamaombana pa mzere umodzi tsiku ndi tsiku. Aliyense amaika kafayilo kake mu Misc/NEWS.d/next, mufoda yoyenera, ine inali Library. Chida cha blurb chimafunsa nambala ya issue ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri, n'kupanga dzina la fayilo chokha. Chiganizocho chimalembedwera wogwiritsa ntchito Python, osati wokonza: chinene chimene munthu adzaone chasintha, osati mzere umene mwasuntha.

Nditatsegula pull request, mutu wake woyamba ndi gh- ndi nambala ya issue, ma bot anafika anthu asanafike. Ina inandipempha kusaina CLA ya Python Software Foundation, chilolezo chakuti bungwelo ligawe code yanga pansi pa laisensi ya Python. Umwini umakhalabe wanu, ndipo mumasaina kamodzi kokha. Ina, yotchedwa bedevere, inaona kuti nambala ya issue ndi NEWS zilipo n'kumata chizindikiro cha awaiting review. CI inamanga pa Linux, macOS ndi Windows. Ndiyeno kunali zii.

Kudikiraku kumagwetsa anthu ambiri mphwayi, koma ine sindikuona chodandaula. Ma core developer, amene ali ndi mphamvu yovomereza zokonza, ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ma pull request otseguka ndi ambirimbiri, ndipo kabuku ka devguide kamanena poyera kuti pakatha mwezi popanda yankho mukhoza kukumbutsa mwaulemu pa issue. Ndinatero. Panthawiyi ndinkayesa ma pull request a anthu ena pa laputopu yanga n'kulembapo zimene ndapeza, chifukwa review ya munthu wamba imaloledwa ndipo imapeputsa ntchito ya wodzavomereza.

Amene anadzayankha sanatsutse code. Anafunsa funso limodzi: nanga mapulogalamu amene akupatsa kale function imeneyi chinthu chosayeneracho, ndipo akuyenda bwinobwino, adzatani akadzakwera pa Python yatsopano? Pafupifupi aliyense amathamangitsa mbali ya C. Zikalata zinganene zina, koma chimene mapulogalamu a anthu azolowera ndi chimene C imachita. Kuyamba kuponya ValueError lero n'kugwetsa pulogalamu ya munthu amene sanasinthe kalikonse. Zili ngati kukonza mlatho magalimoto akudutsa: simungangozula thabwa chifukwa mapulani akuti silinayenera kukhalapo.

PEP 387 ndiyo imalamulira zimenezi. Khalidwe limene anthu akulidalira silichotsedwa mwadzidzidzi. Limayamba lapatsidwa DeprecationWarning, chenjezo lakuti lidzachotsedwa, ndipo chenjezolo liyenera kukhalapo kwa ma release akuluakulu osachepera awiri. Ma module akale 19 amene anachotsedwa mu 3.13 mu 2024, monga cgi, telnetlib, crypt ndi imghdr, anayamba kuchenjeza mu 3.11 mu 2022 potsatira PEP 594. Anthu a Python anaphunzira movutikira: Python 3.0 inatuluka mu December 2008 yosagwirizana ndi Python 2, ndipo Python 2 inakakamirabe mpaka pa 1 January 2020. Ena amati kusamalaku kwanyanya, kuti zolakwika zimakhalitsa. Pa zinthu zina ndimagwirizana nawo. Pa yanga ayi, popeza chinthu chosayeneracho sichinkawononga deta ya munthu, chinkangolandiridwa basi.

Choncho ValueError inasanduka chenjezo, ndipo apa mpamene C inaonetsa mano. Mumaitana PyErr_WarnEx ndi PyExc_DeprecationWarning, koma munthu akathamangitsa Python ndi -W error, chenjezo limasanduka exception ndipo PyErr_WarnEx imabweza -1. Pamenepo muyenera kumasula object iliyonse imene mwaigwira ndi Py_DECREF musanabweze NULL. Mukapanda kutero pulogalamu sigwa, imangodontha memory pang'onopang'ono pa njira imene anthu ochepa amadutsamo. Ndinalemba test yachiwiri yosandutsa chenjezo kukhala error, n'kuthamangitsa ma test ndi -R 3:3. Imeneyi imabwereza test katatu kotenthetsa ndi katatu kowerenga, n'kuona ngati chiwerengero cha ma reference chikukwera. Imagwira ntchito pa debug build pokha, n'chifukwa chake ndinati --with-pydebug musaisiye. Chiwerengero sichinakwere.

Ku Doc ndinaika chizindikiro cha deprecated pa function ija ndi mzere mu What's New. Wondiwunika anapemphanso kuti chiganizo china cha m'zikalata, chimene chinali chosamveka kuyambira kale, ndichipatule chikhale pull request yakeyake. Zosintha zonse ndinaziika ngati ma commit atsopano pamwamba pa akale. Force-push saikonda kumeneko, chifukwa imasokoneza wowunika amene akufuna kuona chimene chasintha chichokereni, ndipo pomaliza zonse zimaphatikizidwa kukhala commit imodzi. Kenako ndinalemba chiganizo cha Chingerezi chimene bedevere imachidikira, chonena kuti ndakonza zimene anapempha, ndipo chizindikiro chinasintha. Asanavomereze anayatsanso ma buildbot, makina a anthu ongodzipereka amene amayesa pa ma system ndi ma processor amene CI ya GitHub ilibe.

Chifukwa chopatulira zikalata ndinachimvetsa pa merge, pamene zokonza zimalowetsedwa mu code yaikulu. Zonse zimalowa poyamba mu branch ya main, imene ndi Python ya mtsogolo. Kuyambira pa 3.9, PEP 602 inakhazikitsa kuti Python yatsopano izituluka October aliyense, ndipo iliyonse imasamalidwa zaka zisanu. Kuyambira pa 3.13, zaka ziwiri zoyamba imalandira zokonza wamba, zitatu zotsalazo za chitetezo zokha. Chenjezo latsopano ndi kusintha khalidwe, ndiye silibwerera ku ma branch otuluka kale. Kukonza chiganizo cha m'zikalata kumabwerera. Pa pull request yachiwiri ija anamatapo zizindikiro za needs backport, zopempha kuti zokonzazo zibwerere ku ma branch akale, ndipo itangolowa, bot ya miss-islington inatsegula yokha ma pull request ku ma branch awiri amene anali kulandirabe zokonza. Ku imodzi zinalowa bwino. Ku inayo fayilo inali itasiyana kale ndi ya main, bot inalephera n'kundisiyira lamulo la cherry_picker loti ndithamangitse pamanja, ndikonze pamene mizere yaombana, nditumize.

Nthawi ya chaka nayo ili ndi mbali yake. Beta yoyamba imatuluka mu May, ndipo tsiku limenelo branch ya Python ya chaka chimenecho imapatuka, zatsopano n'kutsekedwa. Chimene chalowa mu main pambuyo pake chimadikira October wa chaka chinacho. Chenjezo langa linalowa beta isanatuluke. Issue ija sinatsekedwe: pansi pake pali ndemanga yonena release imene chenjezo lidzasanduke ValueError, ndipo pull request yake idzafuna test, NEWS ndi review zakezake.