Yankho la Sala: x(x − 1)(x − 6)

Funso linali losavuta: x³ − 7x + 6, tipeze mafakita ake, zidutswa zimene ukazichulukitsa pamodzi zimabweza funsolo. Ndinalilemba pa bolodi ndi zilembo zokongola kuposa masiku onse, chifukwa kumbuyo kwa kalasi kunakhala woyendera sukulu, kope lili pabondo.

Poyambira pake n'podziwika. Nambala ya kutsogolo kwa x³ ikakhala 1, oyenera kuyesedwa ndi manambala amene amagawa 6 osasiya chotsala: 1, 2, 3, 6 ndi anzawo a minus. Ndinalowetsa 1, ndipo 1 − 7 + 6 inapereka 0. Factor theorem imati zikatero, x − 1 ndi fakita. Mpaka pamenepa choko chinkandimvera.

Kenako synthetic division, njira ya Paolo Ruffini wa ku Italy, imene ndimaikonda chifukwa sidya bolodi. Umandandalika manambala a kutsogolo kwa x, kutsitsa yoyamba, kuichulukitsa ndi 1, kuphatikiza ndi yotsatira, mpaka kumapeto. Ine ndinandandalika zimene maso anaona: 1, −7, 6. Kutsitsa 1. Kuphatikiza ndi −7, pabwera −6. Kuphatikiza ndi 6, pabwera ziro. Ziro! Ndinatembenuka kuti mlendo uja aone nkhope ya munthu wodziwa ntchito. Poti cubic (yoyamba ndi x³) ukaigawa ndi x − 1 pamatsala quadratic (yoyamba ndi x²), manambala atatu aja, 1, −6 ndi 0, ndinawawerenga kuti x² − 6x + 0. Ndinatulutsa x panja, n'kulemba x(x − 1)(x − 6), mizere iwiri pansi.

Mtsikana wina wa mzere wachiwiri anakweza dzanja mwamantha.

"Sala, ndikalowetsa ziro m'funsomo pakutuluka 6."

"Iwe, lowetsanso bwinobwino."

"Ndalowetsanso, Sala. Ndayesanso 6, pakutuluka 180."

Cholembera cha mlendo chinayamba liwiro.

Vuto linali lakuti x³ − 7x + 6 ilibe x², ndipo malo a x² sadumphidwa, pamakhala 0. Mndandanda wake ndi wa manambala anayi: 1, 0, −7, 6. Ukayenda nawo ndi 1 umapeza 1, 1, −6, 0, womalizayo n'chotsala, choncho quadratic ndi x² + x − 6, imene ndi (x + 3)(x − 2). Yankho lenileni ndi (x − 1)(x − 2)(x + 3). Ine ndinasiya ziro mmodzi panja, kenako chotsala ndinachikweza udindo n'kukhala mbali ya quadratic.

Chimene chimandipweteka n'chakuti 1 ndi nambala yachinyengo pa ntchito imeneyi. Kuchulukitsa ndi 1 sikusintha kanthu, ndiye chotsala chimangokhala manambala onse ataphatikizidwa, ndipo ziro akhalepo kapena asakhalepo, zotsatira n'zomwezo. Ndikanayamba ndi 2, mndandanda wanga wopunduka uja ukanapereka 1, −5, −4, ndipo −4 akanandikuwira ana asanaone. Ngakhale lamulo la François Viète, katswiri wa masamu wa ku France, likanandigwira dzanja: cubic yopanda x², manambala oipangitsa kukhala ziro akaphatikizidwa amayenera kupereka 0. Apa 1 + 2 − 3 ndi 0. Anga, 0 + 1 + 6, ndi 7.

Ndinafufuta ndi dasitala, ndi chikhatho, pomaliza ndi mkono wa malaya. Kuti ndibweze ulemu ndinapereka ntchito ya kunyumba ya msampha womwewo: x³ − 13x + 12, imene yankho lake ndi (x − 1)(x − 3)(x + 4). M'mawa mwake makope ambiri anabwera ndi x(x − 1)(x − 12), ndipo mnyamata wina analemba pambali pake: "Njira yoyamba ya Sala, yachidule ija."