Kuphikira alendo 40 pakhomo: moto, miyezo ndi nthawi

Phwando la pakhomo nthawi zambiri limawonongeka chifukwa cha moto. Ndiwo zimakhala zokwanira, ophika aluso, koma mbaula ndi imodzi ndipo mapoto asanu akudikirana. Pa anthu 40 pafunika malo atatu ophikira: mafuwa a nsima panja, mbaula ya nyama, ndi ina ya mpunga ndi masamba. Kukala ya magetsi muiyese yothandizira chabe, chifukwa magetsi akazima nyama ili pakatikati, mulibe kolowera. Thumba la makala ndi nkhuni zouma zifike dzulo lake.

Mukaitana anthu 30, phikirani 40. Kwathu kuno mlendo sabwera yekha.

Miyezo yake ndi iyi ngati pali nsima ndi mpunga womwe: ufa woyera makilogalamu 5, mpunga wa Kilombero makilogalamu 4, nyemba makilogalamu 2, nyama ya mbuzi makilogalamu 5 ndi nkhuku 5. Nkhuku iliyonse muidule nthuli 8 kapena 10. Onjezani malita 2 a mafuta, tomato wodzaza beseni laling'ono, anyezi makilogalamu 2, makabichi akuluakulu 3, ndi nsinjiro zotendera nkhwani kapena mpiru. Funsiranitu za alendo anu. Ngati pali Asilamu, mbuzi ndi nkhuku azinge Msilamu, ndipo ya nkhumba isayandikire n'komwe. A Seventh Day nawonso sadya nkhumba kapena mlamba.

Thobwa ayambe masiku awiri phwando lisanafike. Phala lizizire mpaka kufunda chabe musanathire chimera, chifukwa likatentha kwambiri limapha mphamvu ya chimera, ndipo thobwa sasungunuka kapena kutsekemera. Nyemba zinyikidwe usiku ndipo zikhale zoyamba kukwera pamoto m'mawa. Tomato muthire zitafewa kale, popeza kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba.

Mbuzi ndi nkhuku zachikuda zimafuna maola awiri kapena kuposerapo. Wiritsani kaye ndi mchere ndi madzi ochepa mpaka zifewe, madzi aphwere, kenako mukazinge pang'onopang'ono m'magawo. Mukaunjika nthuli zonse m'mafuta nthawi imodzi, mafuta amazizira, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwiranso osapsa bwino kunja. Nkhuku zoyera zanyama zimasiyana ndi zachikuda: yanyama imapsa msanga, ndipo mukaisakaniza ndi yachikuda m'poto mmodzi imaphwanyika inzake idakali gwa.

Mpunga ndi umene umachititsa manyazi ophika ambiri. Makilogalamu 4 m'sefuliya imodzi amapserera pansi, pakati pamakhala phala, pamwamba pali pauwisi. Gawani pawiri. Tsukani mpaka madzi ayere, ndipo pa kapu iliyonse ya mpunga muike kapu imodzi ndi theka ya madzi owira kale. Madzi akaphwera, phulani makala ambiri pansi, ena muwaike pa chivundikiro, musiye mphindi 20 osavundukula. Osatakasa ndi mthiko: mpunga wa Kilombero ndi wofewa, umangosanduka bota.

Nsima iphikidwe pomaliza, patatsala mphindi 45 kuti anthu adye. Phala liwire mokwanira, mphindi zosachepera 15 pa poto wamkulu. Apa m'pamene anthu amapupuluma, akumva alendo akufika, ndipo nsima imatuluka yosapsa, yonunkha ufa. Ufa uzithiridwa pang'onopang'ono, wina akuthira, wina akuvundula ndi mthiko waukulu, wachitatu atagwira poto. Kukhuthula ufa wambiri kamodzi n'kumene kumabweretsa mibulu. Poomola, chipande chiziviikidwa m'madzi pa mtanda uliwonse, mitanda ikhale yaing'ono kuti anthu asasiye theka m'mbale, ndipo ilowe mu food warmer nthawi yomweyo. Masamba otendera ndi kabichi aphikidwe nthawi imodzimodziyo. Akakhalitsa pamoto amada ndipo amataya kukoma.

Pogawa, nsima, mpunga ndi masamba anthu akhoza kudzitengera, koma pa nyama pakhale munthu wamkulu wodziwa kugawa, nthuli ziwiri aliyense. Popanda kutero, anthu 15 oyamba amatha poto. Akuluakulu ndi apongozi apatsidwe chakudya chawo patebulo, ana akhale pamkeka ndi wowayang'anira, ndipo mbale za ophika zipatulidwe mzere usanayambe, chifukwa iwowa ndi amene amagona ndi njala pa maphwando ambiri. Posamba m'manja, madzi athiridwe ndi jagi, beseni lili pansi, sopo ali pambali, osati onse kuviika m'beseni limodzi.

Zotsala zisagone m'mapoto otseka. Nyama ndi nyemba muziwiritsenso usiku womwewo kapena zilowe mu fuliji zikangozizira. Mpunga ndi umene suchedwa kusasa, makamaka m'nyengo yotentha ya October ndi November, choncho ugawireni alendo atenge popita.