Mmene ndinazolowerera akodiyoni yamagetsi

Ndaliza akodiyoni ya timalilime tachitsulo, chida choimbira chija cha mvukuto wokoka ndi kukankha, kwa zaka zambiri, ndipo maganizo oyesa yamagetsi anandibwerera phula lomatira timalilimeto litayamba kusweka, mawu ena n'kuyamba kusasa. Chiyambire pamene Cyrill Demian analembetsa chida cha dzinali ku Vienna mu 1829, kaliridwe kake sikanasinthe kwenikweni: mpweya wochokera mu mvukuto umagwedeza kalilime, kalilimeko n'kutulutsa mawu. Yamagetsi, monga zimene kampani ya Roland inayamba kugulitsa mu 2004, ilibe kalilime ngakhale kamodzi, koma ili ndi sensa yoyeza mphamvu ya mpweya, ndipo mawu amapangidwa ndi kakompyuta ka mkati.

Tsiku loyamba ndinayambira ku dzanja lamanzere, chifukwa ndi kumene ndinkaopa. Mtima unakhala pansi nditapeza kuti mabatani onse 120 ali m'malo amene zala zanga zinazolowera, ngakhalenso batani la C lija lokhala ndi kadzenje kolizindikirira. Makiyi 41 a kudzanja lamanja sanandivute.

Ntchito yeniyeni inali pa mvukuto. Pa akodiyoni yakale, ukadina mabatani ambiri nthawi imodzi mpweya umatha msanga, ndipo mkono umadziwiratu wokha nthawi yobwerera. Pa yatsopanoyi mpweya unkatulukira pa kabowo kamodzi, choncho kulemera kwa mvukuto kunali chimodzimodzi, kaya ndadina batani limodzi kaya asanu, ndipo ndinkangotembenuza mkono pakati pa mzere wa nyimbo, mawu n'kuduka. Ndinayamba ndi kuchepetsa kabowoko pang'onopang'ono mpaka mkono utamva kulemera kofanana ndi kumene ndinazolowera. Kenako ndinasintha mmene sensa imamvera mpweya, kuti kukoka pang'ono kuzitulutsa mawu apansipansi, osati kufuula nthawi yomweyo. Ndikulangiza kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, popeza ukasintha ziwiri pamodzi sudziwa chimene chathandiza. Madzulo aliwonse ndinkaliza liwu limodzi lalitali, kulikweza, kulitsitsa, n'kubweza mvukuto mosadukiza, kufikira khutu litasiya kumva potembenukira.

Mawu a zida zina amene yamagetsiyi imathanso kutulutsa, monga vayolini ndi ng'oma, ndinayamba ndawasiya, chifukwa amabisa zolakwa za mkono. Ndinasankha mawu a musette okha, aja onjenjemera amene pa akodiyoni yakale amabwera timalilime tiwiri kapena titatu tikachunidwa mosiyana pang'ono mwadala.

Tsopano ndimaphunzira nyimbo usiku nditavala mahedifoni osasokoneza ogona, ndipo ndikamaimba pagulu ndimangolumikiza chingwe ku zokuzira mawu, bola ndikumbukire kutchaja batire. Komabe ndimasowa kunjenjemera kumene kumafika pachifuwa timalilime ta besi tikamalira. N'chifukwa chake yakale ija ndaipereka kwa wokonza kuti ayikemo phula latsopano ndi kusintha tizikopa totseka mpweya pa timalilime timene tapindika, ndipo ndamupempha kuti machunidwe ake a musette awasiye mmene alili.