Maselo a T akakana kudyetsa fupa

Lachinayi. Funso la wophunzira wina mu labu lakana kundichoka m'mutu. Anabwera ndi mbale ya timaenje 96, nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi, buku likuti maselo a T ali ndi RANKL. Ndawathira, koma ma osteoclast achepa m'malo mochuluka. Ndalakwitsa pati?"

Maselo a T ndi ena mwa maselo oteteza thupi, ndipo RANKL ndi puloteni yomwe imatuma kuti ma osteoclast, maselo odya fupa, apangike. Koma wophunzirayu palibe pomwe analakwitsa. Anatenga mafuta a m'fupa la ntchafu ya mbewa, n'kuwaika m'madzi olerera maselo otchedwa α-MEM okhala ndi seramu ya mwana wa ng'ombe (FBS) ya 10%, ndi puloteni yokulitsa maselo ya M-CSF ya 30 ng/ml kwa masiku 3 kuti ma macrophage, maselo omeza tizilombo, aswane, kenako RANKL wa 50 ng/ml. Pofika tsiku la 5, m'timaenje topanda maselo a T munadzaza maselo akuluakulu ofiira ndi utoto wa TRAP womwe umaonetsa ma osteoclast, lililonse la manyukiliyasi 3 kapena kuposa. Momwe anathira maselo a T odzutsidwa ndi anti-CD3, puloteni yomwe imawagwira n'kuwayambitsa ntchito, munangokhala ma macrophage okhaokha.

Ndinamukumbutsa kuti osteoclast, selo lodya fupalo, ndi mbale wake wa macrophage. Onse amachokera ku monocyte, mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi, choncho amamva chilankhulo cha chitetezo cha m'thupi. RANKL akagwira RANK, cholandirira chake cha pakhungu la selo, uthenga umadutsira pa puloteni ya m'kati mwa selo yotchedwa TRAF6 mpaka kukadzutsa ina yoyatsa majini, NFATc1, ndipo maselo amayamba kulumikizana n'kukhala chiselo chimodzi. Koma selo la T lodzuka silitulutsa RANKL yekha ayi. La mtundu wa Th1 limatulutsanso puloteni yonyamula uthenga, IFN-γ, yemwe amachititsa kuti TRAF6 aphwanyidwe msanga, uthenga n'kudukira panjira. Hiroshi Takayanagi ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 2000, patangotha chaka chimodzi gulu la Josef Penninger litaonetsa kuti RANKL wa maselo a T amawononga mafupa a makoswe odwala nyamakazi. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo Th2, mtundu winanso wa selo la T, nayenso amaletsa ma osteoclast kudzera mu puloteni yake ya IL-4.

Chimandinyansa ndi chithunzi cha m'mabuku chija, muvi umodzi wochoka pa T kulasa osteoclast, basi. Ophunzira amachiloweza kenako n'kumadziona ngati manja awo ndi olodzedwa.

"Ndiye amene amadya mafupa a odwala nyamakazi yotupitsa mfundo ndani?" Anafunsa mtsikanayo. Apa ndiye tinakhalitsa, tiyi mpaka kuzizira. Wopalamula wamkulu ndi selo la T la mtundu wa Th17, monga zinaonekera mu 2006. Iyeyu IFN-γ satulutsa wochuluka, ndipo nthawi zambiri sachita kukhudza osteoclast mwiniwake. Mthenga wake, IL-17, amakadzutsa ma fibroblast, maselo omanga a m'kachikopa ka m'kati mwa mfundo kuti azitulutsa RANKL, kwinaku akukolezera TNF-α, IL-1 ndi IL-6, mapuloteni otupitsa ochokera ku ma macrophage. M'mbale ya mtsikanayu munalibe fibroblast ngakhale mmodzi, ndiye IL-17 akanatuma ndani?

Oletsa alipo enanso. Ma Treg, maselo a T oziziritsa chitetezo, amagwira monocyte ndi puloteni ya pakhungu lawo ya CTLA-4 n'kuitsekera njira, komanso amatulutsa mapuloteni oletsa, IL-10 ndi TGF-β. Maselo a B, omwenso ndi oteteza thupi, thupi likakhala bwino amapanga puloteni ya OPG yambiri m'mafuta a m'mafupa a mbewa, ndipo OPG amakola RANKL asanafike pa RANK. Koma maselo a B omwewo akadzuka pa matenda a usinini amasanduka opereka RANKL. Chodabwitsa china cha mu 2014: Treg wina amataya Foxp3, puloteni yomwe imamupanga kukhala Treg, m'mfundo yotupa n'kusanduka Th17 wolusa kuposa anzake. Mlonda kusanduka mbala.

Nthawi nayo imasokoneza anthu. LPS, chizi cha pakhungu la mabakiteriya ena, akalowa mu mbale RANKL asanathiridwe, maselo amakakamira kukhala ma macrophage. Akabwera RANKL atayamba kale ntchito, LPS yemweyo amawonjezera ma osteoclast. N'chifukwa chake botolo la seramu loipitsidwa pang'ono limatha kuwononga ntchito ya mlungu wonse popanda kachilombo kooneka pa maikulosikopu. Ndipo ukachedwa kupaka utoto ndi tsiku limodzi lokha, ma osteoclast okhwima amakhala atafa kale, kwatsala mabwalo opanda kanthu.

Madzulo ano ndikulembabe dongosolo lina: timaenje tina ta anti-IFN-γ wotsekereza IFN-γ, tina ta Th17 osiyanitsidwa ndi TGF-β, IL-6 ndi IL-23, tina tosakaniza ma fibroblast popanda RANKL wothira, kenako kuyeza RANKL ndi OPG m'madzi a mbale. GM-CSF, puloteni inanso yokulitsa maselo, naye amaletsa ma osteoclast akafika molawirira, ndiye pafunika mzere wake. Timaenje 96 tayamba kuchepa.