Kapaipi ka oyilo kamene kanatsala pang'ono kundiphera injini

Injini ya boti langa ndi Yanmar 1GM10, ya dizilo, silinda imodzi, yakale ndithu koma mpaka lero imalira bwino. Oyilo ndimasintha pa nthawi yake, fyuluta chimodzimodzi, ndiye ndinkaziona ngati ndikuisamala mokwanira mpaka mwezi wathawu.

Ndinatsegula kuti ndione dipstick, kachitsulo koonera kuchuluka kwa oyilo, ndisananyamuke, ndiye timadzi timene timakhala pansi mkati mwa boti tija ndinaona tikunyezimira ngati utawaleza. Poyamba ndinati mwina ndinataya pothira, koma nditapisa dzanja kunsi kwa pampu ya madzi chala chinabwera chili bii, ndipo kapaipi kachitsulo kodutsa pamenepo kanali kokhakhala, kungokanda ndi chikhadabo dzimbiri likuyoyoka. Pa injini zimenezi mapaipi ena a oyilo ali kunja, kena kamadutsa kunsi kwenikweni kwa pampu, ndiye silo ya pampu, imene imatseka kuti madzi asatuluke, ikatha madzi amagwera pa kapaipiko dontho limodzilimodzi miyezi ndi miyezi, akakhala amchere ndiye kudyeka kwake kumafulumira. Penti amabisa zambiri, pamwamba pooneka bwino pamene kunsi chitsulo chapyapyala ngati pepala.

Chimene chinandiopsa nchoti oyilo yense mu injiniyi safika ndi malita 2 omwe. Kapaipi katabooka injini ikuyenda, pampu ya oyilo ikanamupopera yense pansi mu mphindi zochepa, mabering auma, crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira mkati mwa injini) yakalika, basi injini yapita. Ndipo uli pakati pa madzi, palibe zoti uima pambali ngati galimoto.

Ndinasintha kapaipi pamodzi ndi silo ya pampu, chifukwa kusiya pampu ikudontha ndi kupha katsopano komweko. Apa ndifotokozeko bwino za mabauti, poti ambiri timalakwitsa pamenepa. Mapaipi amenewa amamangidwa ndi mabauti aja amati banjo, obooka mkati kuti oyilo azidutsamo, ndipo mbali zonse ziwiri kumakhala washa wa kopa (mkuwa). Kopa akapanikizidwa kamodzi amauma, ukamubwezeretsa amadontha, ndiye munthu ukaona pakudontha umawonjezera mphamvu pa sipanala, bauti ija poti ndi yobooka imangoti thyo, chidutswa nkutsalira mkati. Gulani mawasha atsopano abale anga. Ngati mwasowa pogwira, wotchani akalewo mpaka afiire nkuwasiya azizire, amafewanso, koma akakhala ndi mizere yakuya atayeni.

Mnzanga wina ali ndi Perkins 4.108, injini yakeyo ili ndi kula (choziziritsira oyilo) ndi mapaipi a labala, vuto lake ndi lina. Labala amakalamba ndi kutentha, amauma, amang'aluka makamaka pafupi ndi polumikizira, pena amatha chifukwa chokhula pa chitsulo injini ikamanjenjemera. Finyani ndi zala injini itazizira, paipi ikakhala gwa ngati mtengo kapena yofewa mopitirira, yatupa penapake, nthawi yake yakwana. Ndipo chonde musaikepo paipi iliyonse poti yakwana kukula, pamafunika yopangidwira oyilo wotentha wa pulesha.

Za fyuluta ndinene mwachidule. Ine ndimasintha pamodzi ndi oyilo pa maola 100 alionse, kapena kamodzi pa chaka ngati boti silinayende kwambiri, buku la injini yanu likanena zina tsatirani bukulo. Ndimayamba ndaliza injini kuti oyilo afunde, kenako kumukoka ndi kapampu kamanja kudzera pa dipstick poti kunsi kwa injini sikufikika. Mukamasula fyuluta yakale onetsetsani kuti labala wake wachoka nayo, amakonda kumatirira pa injini, ndipo mukamanga yatsopano pamwamba pa labala wakale oyilo amathawira pamenepo injini ikangodzuka. Pakani kaoyilo pa labala watsopano, mangani ndi dzanja, akakhudza chitsulo muzungulizenso pang'ono osakwanitsa kuzungulira konse. Sipanala ndi yomasulira basi.

Chinanso chomwe ndimachikonda, fyuluta yakale sindiitaya ndisanaitsegule. Ndimatambasula pepala lamkati padzuwa nkuyang'ana, tizitsulo tonyezimira tikachuluka ndiye kuti mkati muli chinachake chikudyana, bola kudziwiratu. Oyilo akatuluka wotuwa ngati wathiridwa mkaka ndiye kuti madzi alowa, pa injini ya kula yambani kukayikira kulayo.

Panopa kunsi kwa injini ndimayalako kansalu koyera, ndipo ndili ndi kakalilole ndi tochi zoonera kuseri kumene mutu sufika. Mapaipi enawo ndawapala ndi kuwapentanso. Chatsala ndi alamu yochenjeza pulesha ya oyilo ikatsika, imayenera kulira ukangotembenuza kiyi injini isanadzuke, yanga ikulira mwa apo ndi apo ndiye Loweruka likubwerali ndikatsata waya wake mpaka pa switchi, boti silichoka padoko isanakonzeke.