Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: M'dzenje la manda kwa Santhe

Nditamaliza Fomu 4 mu 2000, ndalama zopitira patsogolo kunalibe. Amalume anandipezera ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya kwa Santhe, m'boma la Kasungu, pa msewu wopita ku Mchinji. Ndinkakhala kwa azakhali, mlongo wa malemu bambo anga, m'mudzi wochita malire ndi esitetiyo.

Ntchito yanga inali buku. Ndinkalembamo dzina la tenanti aliyense ndi zonse zimene watenga pa ngongole: chimanga cha pamwezi, mchere, feteleza, khasu, ngakhale mankhwala a malungo. Fodya akathyoledwa, akasokedwa, akauma m'zigafa ndi kusankhidwa magiredi, bwana ankamugula kwa tenantiyo pa mtengo wake, ine n'kuchotsera ngongole. Zotsalazo ndiwo anali malipiro a banja lonse pa chaka chathunthu. Ena ankagulako njinga. Ena ankayamba chaka china ali kale m'ngongole.

Ma esiteti anachuluka kuno m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Kamuzu, pomwe mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale payekha. Matenanti ambiri ankachokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, kumene malo olima ndi ochepa. M'mudzi mwathu tinkawatcha obwera. Mjigo unali umodzi, chigayo chimodzi, ena tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, koma aliyense ankadziwa kuti awa ndi eni mudzi, awo ndi obwera.

Azakhali anali mayi wa Chigwirizano, wa mpingo wa CCAP sinodi ya Nkhoma. Sanali mtsogoleri, ndipo pa gulu sankayankhula kawirikawiri. Mayi awo anali a makolo enieni, amene mvula ikavuta ankanyamula ufa kupita nawo kukachisi, ndipo azakhali sanawanyozepo ngakhale tsiku limodzi. Ankati Chauta amene mayi awo ankamuthirira nsembe ndi yemweyo amene iwo amamuimbira Lamulungu, poti Namalenga sangakhale awiri. M'bandakucha uliwonse, tambala woyamba akalira, ankatuluka n'kukakhala pakhonde chete, osaimba, osatsegula pakamwa. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amapempha chiyani nthawi yonseyo.

"Sindipempha kanthu, mwana wa achimwene," anatero. "Ndimangokhala naye. Mpweya umene anauzira mwa munthu woyamba uja ndi womwewu ndikupumawu, ndi womwewo ukupuma iwe. Mpweya ndi umodzi. Zifuwa ndiye zambiri."

Ndinali mnyamata wa sukulu, ndinangogwedeza mutu.

Kenaka kunabwera njala ija. Amene munali ku chigawo chapakati mu 2002 simufuna kuti wina akukumbutseni. Mvula ya nyengo ya 2000 ndi 2001 inagwa mopitirira, minda yam'madambo inamira, zokolola zinachepa. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Pofika Disembala 2001 nkhokwe za m'midzi zinali gwaa kuuma, ndipo mtengo wa chimanga unakwera mochititsa mantha pomwe wa mbuzi ndi nkhuku unagweratu pansi, poti aliyense ankagulitsa, wogula n'kusowa. Anthu anasasula malata padenga. Gaga, amene kale tinkapatsa nkhumba, anasanduka chakudya cholimbirana. Ena anakumba zitsinde za nthochi n'kusinja. Kolera nayenso analowerera. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza kumapeto kwa Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi, ife tinali titaika kale maliro ambiri.

Amene anavutika koposa anali matenanti. Mwini mudzi ali ndi abale, ali ndi dimba, ali ndi mtengo wa mango wa agogo ake. Tenanti ali ndi bwana basi. Pa esiteti yathu chimanga cha pamwezi chinayamba kuchepa, kenaka chinaleka. Fodya anali m'munda, wobiriwira bwino, koma fodya sadyedwa.

Bambo wina wa ku Phalombe anamwalira m'mwezi wa Febuluwale womwewo. Miyendo inali itatupa. Anasiya mkazi ndi ana ang'onoang'ono. Ndalama yonyamulira maliro kupita kwawo inalibe pochokera, ndiye kapitawo anapita kwa a mfumu kukapempha malo kumanda. Nkhani inavuta. Akuluakulu ena ankati manda ndi mudzi wa makolo, mlendo sangagone pakati pawo. A mfumu anagamula kuti aikidwe cha kumphepete.

Vuto lina linali adzukulu. Pa mwambo wathu adzukulu ndiwo amakumba manda, ndipo amaphikiridwa nsima. Chaka chimenecho nsima ya adzukulu inalibe pochokera, ndipo amuna ambiri anali atapita kukafuna ganyu, ena mpaka kuwoloka malire kulowa m'Zambia. Azakhali anabwera pamene ndinakhala, atanyamula khasu.

"Dzuka, pita ukathandize anzako kumanda."

"Azakhali, ine ndi kalaliki. Komanso malirowa si athu."

"Ndi a yani nanga?"

Ndinalandira khasulo.

Tinakumba mosinthana, eni mudzi pang'ono ndi matenanti pang'ono. Munthu ankatema kangapo n'kutuluka kukakhala pansi, wina n'kulowa. Dothi linali lonyowa, lolemera. Bokosi panalibe, thupi analikulunga mumphasa. Itafika nthawi yotsitsa, anafuna anyamata olowa m'dzenje kukalandira. Ndinalowa ine ndi mnyamata wina wa pa esiteti, amene dzina lake ndinkalidziwa chifukwa cha ngongole yake yokha.

Chimene chinandichitikira m'dzenjemo ndakhala ndikuchisinkha moyo wanga wonse. Sindinaone masomphenya. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Mphasa ija itafika m'manja mwathu, yopepuka ngati mulibe munthu wamkulu, uja amene ndinkamutcha "ine" anasowa. Manja anali anayi pansi pa mphasa, ndipo panalibe oti awa ndi anga, awo ndi a mnzanga. Njala imene inali m'mimba mwanga inali yomweyo imene inali mwa mnyamatayo, yomweyo imene inapha bamboyo, yomweyo imene inali mwa amayi ankaimba mofooka pamwamba paja. Panalibe wothandiza ndi wothandizidwa. Panalibe mwini mudzi, panalibe wobwera. Ngakhale pakati pa wamoyo ndi wakufa sindinaonepo mpanda. Ndipo zonsezi, dothi, mitengo ya kumanda, anthu, nyimbo, zinali mkati mwa Wina amene anatigwira tonse pamodzi, wosadabwa, wosafulumira. Mantha a imfa amene ndinayenda nawo miyezi yonse ija anachoka. Chifundo chimene chinandidzadza sichinali chomvera munthu chisoni uli patali. Chinali ngati mmene dzanja limathamangira pamene thupi lapweteka, osayamba lafunsa kuti bala ndi la yani.

Alipo amene anganene kuti inali njala chabe, mutu unazungulira. Chizungulire ndikuchidziwa bwino, chaka chimenecho chinkatigwira tsiku ndi tsiku. Chimabweretsa mdima m'maso ndi phokoso m'makutu. Ichi chinali chosiyana. Sindinaonepo zinthu bwinobwino ngati mmene ndinazionera m'dzenje muja.

Anatigwira mikono kutitulutsa, tinakwirira, tinasamba m'manja. Pobwerera kumudzi ndinkayang'ana nkhope iliyonse ngati ya mbale wanga wa bere limodzi.

Madzulo ndinawauza azakhali zonse. Anamvetsera akusenda maungu anthete, osandiyang'ana. Nditamaliza anati:

"Wamva tsopano. Koma usayende nazo pakamwa. Ukangoyamba kuti 'ine ndinaona, ine ndinamva', wamubweza yemwe uja anachoka, ndipo abwera atavala jekete la ulaliki. Tenga ndowa iyo ukatungire madzi mayi wamasiye uja. Mawanso ukatero."

Mawu amenewo ndiwo anandithandiza kumvetsa zimene ndinaona miyezi yotsatira. Pa nthawi ya njala yeniyeni, m'mudzi munali kuba, munali kumenyana chifukwa cha chimanga chachiwisi, zimenezo sindingabise. Koma munalinso kugawana kumene sindinakuonenso. Mayi ankagawa phala la gaga kwa mwana wa mnzake popanda woonerera. Aliyense anali wofooka kwambiri moti kudzikuza kunalibe mphamvu yoimirira. Chimanga chitacha m'minda, mimba zitakhuta pang'ono, "ine" anadzuka.

Ndinaziona bwino pamene chithandizo chinayamba kufika chakumapeto kwa chaka, poti zokolola za 2002 nazonso sizinali bwino. Chimanga china chinachokera ku America, chija chinabutsa mkangano chifukwa chinali chosinthidwa chibadwa. Zambia, pansi pa Pulezidenti Levy Mwanawasa, inachikana. Malawi anachilandira, n'kunena kuti chizigayidwa kuti anthu asachibzale. Kumudzi kwathu mkanganowo sunatikhudze. Mkangano wathu unali wa mayina: ndani alembedwe, ndani asalembedwe.

Tinasonkhana pabwalo la a mfumu. Popeza ndinkadziwa kulemba, anandipatsa cholembera. Mkulu wina wa mpingo, munthu amene pa njala anagawadi chakudya kwa ambiri, anaimirira n'kuyamba kuwerenga zabwino zake: ndinadyetsa akuti, ndinadyetsa akuti, pakanapanda ine mudzi uno ukanatha. Zonse zinali zoona. Koma pomaliza anati, chifukwa cha zimenezi mawu ake amveke, obwera asalembedwe, akalembedwe kwawo. Ndinamuyang'ana ndi chisoni, poti ndinaona munthu wabwino akudyedwa ndi ubwino wake womwe. Kudzikonda kuli ngati kaufiti: samera pathengo, amamera pa muzu wa chimanga chenicheni, amachita maluwa okongola, chimanga chili kufota.

Amayi sankayankhula kawirikawiri pabwalo lija. Azakhali anagwada, anaomba m'manja.

"Zikomo a mfumu, zikomo eni mbumba. Ine ndili ndi funso limodzi. Mwamuna wa mayi uyu wagona kuti?"

Anthu anati kumanda kwathu.

"Ndiye makolo athu anamulandira. Dothi limene likudya iye ndi lomwe likudya amayi anga. Kumanda kuja sanamufunse kwawo. Ife amoyo ndife a yani kuti tikane mkazi wake? Ngati malo pa pepalapo achepa, fufutani dzina langa mulembe lake."

Panakhala chete. A mfumu anayang'ana nyakwawa zawo, kenaka anandiuza kuti ndilembe onse awiri. Matenanti ena amene anatsala analembedwanso. Mkulu wa mpingo uja anakwiya, anatha nthawi osawapatsa moni azakhali. Iwo sanamusungire kanthu. Mkazi wake atadwala, anali azakhali amene ankakagona naye kuchipatala, ndipo nditawafunsa chifukwa chake anangoti, "Nanga akudwalayo si ine ndemwe?"

Kuyambira pamenepo ndakhala m'mapemphero ambiri. Ndakwerako mapiri ndi anzanga kukasala kudya, ndamva maumboni a anthu amene anaona zazikulu. Sindinyoza, ena mwa iwo anakumanadi ndi Mulungu. Koma ndimatchera khutu kuti ndimve amene ali pakati pa nkhaniyo. Nthawi zambiri ndi mwini umboniyo: kudzoza kwanga, vumbulutso langa, utumiki wanga. Ndipo ndimayang'ana zimene amachita akatsika phiri, mmene amayankhulira ndi mtsikana wantchito kunyumba kwake, ndi kondakitala wa minibasi, ndi wa kabaza amene wamupatsa chenje chopelewera. Pemphero la Yesu lija la mu Yohane 17, loti onse akhale amodzi, azakhali sankalitenga ngati nkhani ya mipingo kugwirizana pa msonkhano. Kwa iwo linali lokhudza munthu amene waima pakhomo pako ndi mbale yopanda kanthu.

Zimene zinandichitikira m'dzenje muja sizinabwerenso mwa mphamvu yomweyo, ndipo sindizisakasaka. Chimene chinatsala ndi chizolowezi cha azakhali chokhala chete m'bandakucha, ndi kuzindikira msanga pamene mtima wayamba kuwerenga zimene ndachitira anthu. Ndasunga nkhaniyi zaka zoposa makumi awiri monga anandilangizira. Ndikuilemba tsopano chifukwa iwo anatisiya, ndipo adzukulu awo akukula osadziwa kuti agogo awo anali munthu wotani.

Mayi wamasiye uja sanabwerere ku Phalombe. Esiteti itamuuza kuti atuluke m'nyumba poti panalibenso mwamuna wolima fodya, azakhali anamutenga ndi ana ake kukakhala m'khitchini mwawo, kenaka anyamata tinamumangira kanyumba ka zidina. Anamudulira gawo la munda wawo wa kufupi ndi dambo, ndipo m'nyengo ya 2002 ndi 2003 analima limodzi chimanga, mtedza ndi nyemba. Mayiyo ndiye anaphunzitsa amayi a m'mudzimo kuphika kalongonda monga amachitira kwawo, kumuwiritsa ndi kutaya madzi mobwerezabwereza mpaka ululu wake utatha.

Koma kwa Achewa munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Azakhali anali ndi ang'ono awo, ndipo ang'ono awowo anali ndi ana. Iwo anaona gawo lija likulimidwa ndi wobwera, anakhala chete azakhali ali moyo. Mlandu unabuka maliro awo atangotha, usanamwedwe n'komwe mowa wa mpalo, ndipo unayenda kuchoka kwa a mfumu, kupita kwa a gulupu, mpaka kubwalo la a T/A. Ine, mwana wa kuchimuna wopanda mawu pa munda umenewo, anandiitana kuti ndikakhale mboni. Za mlanduwo ndifotokoza m'gawo 7.