Mapepala atatu aja sanawatsegule n'komwe

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali mu labu ndi ophunzira a chaka chachitatu, tikulimbana ndi njira ya Crank–Nicolson yothetsera masamu pa kompyuta. Theka la makompyuta silikuyaka, ndipo tikugwiritsa ntchito pulogalamu ya masamu ya Octave poti laisensi ya MATLAB inatha kalekale. Zimenezo tinazizolowera. Chimene chandisowetsa tulo ndi cha Lachitatu.

Anandiitana kukamva zotsatira za pempho langa lokwezedwa paudindo. Wapampando wa komiti anatsegula tsamba langa la Google Scholar, n'kutembenuzira laputopu kwa ine, cholembera chili pa h-index, nambala yoyeza kuchuluka kwa mapepala a wofufuza ndi mmene ena amawatchulira. "A Dokotala, inu muli pa 4. Anzanu a zaumoyo amene mwapempha nawo limodzi ali pa 19. Tikakukwezani, iwowo tikawauza chiyani?" Fayilo yanga ya mapepala atatu inali pambali pawo, ikadali yomanga ndi chingwe chomwe ndinamangira ndekha.

Pepala limodzi m'menemo linandidyera zaka zitatu. Likunena za kawerengedwe ka madzi osefukira akamalowa pamtunda wouma, ngati mmene Shire amachitira ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Amene munayesapo mukudziwa kuti pamalire a madzi ndi pouma, kompyuta imatha kukupatsa kuya kwa madzi kochepera ziro, basi zonse n'kusokonekera. Ine ndinatsimikizira ndi masamu kuti njira yathu siingatero. Woliwunika wina ku journal anapeza kuti lemma yachiwiri, kagawo kena ka umboni wanga wa masamu, ili ndi mpata, ndipo ankanena zoona. Ndinakhala miyezi 7 ndikuikonza usiku, magetsi akazima ndikulemba pakope ndi tochi ya foni. Pepala lotere amene angalitchule ndi anthu ochepa, ndipo amalitchula patapita zaka.

Ndinayesa kufotokoza. Jorge Hirsch, amene anayambitsa h-index mu 2005, ndi katswiri wa physics, ndipo iye mwini analemba kuti nambalayi imasiyana malinga ndi gawo la maphunziro. Lipoti la International Mathematical Union ndi mabungwe anzake la mu 2008 linaonetsa kuti m'masamu pafupifupi 90 peresenti ya ma citation (kutchulidwa kwa pepala m'mapepala a ena) imagwera kunja kwa zaka ziwiri zimene impact factor, nambala yoyezera ma journal, imawerenga. Nanga pepala la Courant, Friedrichs ndi Lewy la mu 1928? Phindu lake lenileni linadzaoneka makompyuta atabwera, lero palibe amene amasankha sitepe ya nthawi (utali wa nthawi imene kompyuta imadumpha powerengera) osaliganizira. Anandiyankha mwaulemu kuti fomu ndi imodzi kwa aliyense.

Chimene chinandiwawa koposa chinabwera mawa lake. Mnzanga wachinyamata, wangobwera kumene kuchokera ku PhD, anandionetsa imelo ya anthu ogulitsa ma citation ndi madola. Anandifunsa motsitsa mawu, "Akulu, kodi izizi n'zoipa kwenikweni?" Mwanayu ndi wanzeru ndiponso wachilungamo, koma waona zimene zandichitikira. Ndinamuuza kuti mu 2023 Clarivate, kampani yosunga ziwerengero za ma citation, inachotsa masamu onse pamndandanda wake wa ofufuza otchulidwa kwambiri chifukwa cha chinyengo chomwechi, ndi kuti dzina likada silichapika. Anaifufuta imeloyo ine ndikuona.

Lachisanu ndinachonga mayeso mpaka dzuwa kupendeka, kenako ndinalemba kalata ya apilo. Ndapempha chinthu chimodzi chokha: mapepala atatuwo awatumize kwa munthu wa numerical analysis (masamu owerengera pa kompyuta) wa kunja kwa sukulu yathu, awawerenge kuyambira tsamba loyamba. Mlembi waidinda, akuti komiti ikumananso mwezi wamawa.